Theka la Bolodi

Langa ndi theka la m'munsi.
La m'mwamba ndidamusiyira Yosofati,
mnyamata wamtali wa Sitandade 7
amene amalemba deti mopendekera
ngati mvula yamphepo.
Ana a kuno ku Kapiri adazolowera
mphunzitsi wolemba chowerama.

Phewali lidayamba kuguluka ndili ku koleji,
pa ntchemberembaye,
ndikudumphira mpira woti sunali wanga.
Kenaka lidaleka kudikira zifukwa.
Poyanika zovala pachingwe.
Polandira chenje kwa kondakitala.
Tsiku lina m'tulo chabe,
kudzidzimuka mkono uli lende
ngati mlendo wotsika pa siteji yolakwika.
Bambo a Elube adaphunzira kuponda m'khwapa
ndi kukoka pang'onopang'ono mpaka khu!
Akatero ankatuluka, kukakhala pakhonde
osayatsa wailesi.

Ulendo woyamba ku Lilongwe
adaboola timabowo titatu,
nasokerera mnofu womwe udasomphoka pafupa.
Adati zatheka, mayi.
Ndidagula choko chachikasu ndi ndalama yanga,
ndidalemba LOLEMBA pamwamba penipeni,
ana adaomba m'manja ngati ndagoletsa.
Chaka ndi miyezi inayi ndidali wathunthu.

Ndiye mu Febuluwale, dasitala m'manja,
ndikufufuta sensi ya dzulo,
ndidamva lija likutsetsereka
mwakachetechete, modziwa njira.
Ana makumi asanu ndi atatu adangoti zii.
Dasitala adagwa yekha.

Apongozi akuti pali munthu.
Ahedi akuti ndidafulumira kubwerera kuntchito.
Ine ndikudziwa za ndowa ija
yomwe ndidatula ndekha sabata yachisanu
lamba wa mkono ndili nditamukoleka pachitseko.
Akadatula ndani? Elube adali ndi malungo.
Izi sindidawauze adokotala.

A Kachingwe, dokotala wa ulendo uno,
adayang'anitsa chithunzi pawindo nthawi yaitali
asanayang'ane ine.
Akuti mlomo wa fupa udadyeka,
kuguluka kulikonse kunkabenthulako pang'ono,
tsono ulusi ugwira pati?
Akuti adula kafupa kutsogolo kuno,
akakhomere pobenthukapo ndi tizitsulo tiwiri.
Akuti m'katimo muli zipsera za anzawo,
njira yachiwiri imakhala yothinana.
Akuti mkono sudzatembenuka ngati kale.
Ndidadikira kuti anene zatheka.
Adangoti, tiyesetsa,
ndipo ndidawakhulupirira chifukwa cha chimenecho.

Pobwerera, minibasi itadutsa pa Kamwendo,
ndidakumbuka malemu bambo anga.
Khasu likaguluka kachiwiri
sankataya mpini, sankatukwananso wosula.
Ankasema kamtengo kouma,
kukalowetsa potakasukapo, kukhoma, kukhoma,
n'kuviika m'madzi usiku wonse.
M'mawa ankalima nalo, koma mosamala,
kuzemba zitsa.

Usiku uno ndalongedza.
Buku lakuchipatala lodzaza mpaka pachikuto,
malaya a mabatani kutsogolo,
zitenje ziwiri, sopo, ndalama ya ku banki m'khonde
yomwe ndidzabweze ndi mtedza wosakumba.
Ndayeserera kusaina ndi dzanja lamanzere.
Dzina langa likutuluka ngati la mwana wa Sitandade 1,
Elube akuseka, akuti andichongera.

Mantha alipo, sindibisa.
Si a mpeni ayi, mpeni ndimaudziwa,
ndi a tsiku lomwe adzati kwezani mkono
ine n'kuukweza, n'kuyambanso kukhulupirira.

Mng'ono wanga wafika kuchokera ku Mkanda.
Walumbira kuti ndowa iliyonse pakhomo pano
idzakhala yake mpaka mvula zoyamba.
Bambo a Elube akupopa njinga mumdima
ngakhale mawa sitikwera njinga.

Masana ndidatsanzika kalasi.
Yosofati adafunsa ngati ntchito yake yatha.
Ndidati ayi, uzilembabe deti,
komatu uziwongola mizereyo.
Choko chachikasu chotsala
ndachisiya m'dirowa, kumbuyo kwa rejisitala,
pomwe sapisapo munthu.